Funsani Akatswiri: Lebulo Yosawononga Chilengedwe Ndi Iti?

Makalata ambiri amene tatola ulendo uno achokera kwa anthu opanga katundu wogulitsa m'mabotolo, m'zitini ndi m'makatoni, ndipo onse akufunsa za kapepala kamene kamamatidwa pa katunduyo. Oyankha ndi akatswiri a ntchito yosindikiza malebulo ndi a ntchito yokonzanso zinyalala kuti zikhale zipangizo zatsopano. Mafunso ena tawafupikitsa.

FUNSO: Ndimapanga sopo wamadzi ndi shampu, ndipo ndimathira m'mabotolo a pulasitiki oonekera m'kati. Ndikufuna kusiya lebulo ya pulasitiki, ndiyambe ya pepala, poti pepala limaola. Kodi ndaganiza bwino? (Mayi wopanga sopo)

YANKHO: Cholinga chanu n'chabwino mayi, koma pa botolo limenelo pepala lingawononge zambiri kuposa pulasitiki amene mukufuna kumusiyayo. Lebulo ikangomatidwa ilibenso ulendo wakewake. Kumene botolo likathere, nayo ikathera komweko. Choncho musanasankhe lebulo, tembenuzani botolo muone nambala imene ili kunsi kwake, m'kati mwa kachizindikiro ka makona atatu. Nambalayo imanena mtundu wa pulasitiki: 1 ndi PET, 2 ndi HDPE, 3 ndi PVC, 4 ndi LDPE, 5 ndi PP, 6 ndi PS. Botolo loonekera m'kati ngati galasi kawirikawiri limakhala la PET.

Tiyeni tilitsatire botolo limeneli ku fakitale yokonzanso mapulasitiki. Kumeneko amaligaya kukhala tizidutswa tonga chikhadabo, n'kutitsuka m'madzi otentha madigiri 60 mpaka 85 othiramo kositiki soda pang'ono, 1 kapena 2 peresenti. Akatero amatithira m'thanki yaikulu ya madzi, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa. PET ndi wolemera kuposa madzi. Kachidutswa kake kokwana sentimita imodzi mbali zonse kamalemera magalamu pafupifupi 1.38, pomwe madzi ochuluka chimodzimodzi amalemera galamu imodzi. Ndiye PET amamira. PP ndi PE (banja la HDPE ndi LDPE) ndi opepuka, pakati pa 0.90 ndi 0.96, ndiye amayandama. Makina amakokolola zoyandama pamwamba, PET woyera n'kutsala pansi. Zivindikiro zimachoka mwanjira imeneyi, ndipo lebulo ya PP kapena PE imachokanso chimodzimodzi.

Pepala silitero. Limafewa n'kusanduka matope. Tiulusi take timadetsa madzi otsukira, tina timakakamira pa tizidutswa ta PET. PET amasungunulidwa pa moto woposa madigiri 250, ndiye tiulusito timapserera n'kusiya timadontho tofiirira ndi takuda. Pulasitiki wamadontho sangapangenso botolo loyera, amangotsika n'kukakhala chinthu china chotsikirapo.

Mdani wamkulu kuposa onse ndi PVC. Amamira limodzi ndi PET, ndiye thanki siingawalekanitse. Akafika pamoto amaonongeka msanga, amatulutsa asidi, n'kuchititsa PET yense kukhala wachikasu ndi wofumbutuka. Zomata zambiri zimene ogulitsa amazitcha vinyl ndi PVC ameneyu, ndiye mufunse musanagule. Mapulasitiki a PS, PLA ndi PETG nawonso amamira, choncho pa botolo la PET ndi osayenera.

Musaiwale kuti lebulo ndi zinthu zinayi zosanjikizana: chapamwamba chimene amasindikizapo, inki, guluu, ndi pepala lakumsana limene mumamatulapo lebulo. Mutha kusankha PP wabwino koma guluu n'kukuonongerani. Guluu wamba wogwira mpaka kalekale amatsalira pa tizidutswa ta PET, kapena amakakamiza lebulo kuti imire nato. Kwa osindikiza pemphani guluu wochoka potsuka, amene pa mapepala awo amalembedwa kuti wash-off, ndipo akuonetseni ngati anayesedwa motsata malangizo a bungwe la APR la ku United States kapena RecyClass ya ku Ulaya. Inki nayo izikhalabe pa lebulo, isamasuluke m'madzi otentha, chifukwa ikasuluka imapaka utoto tizidutswa toyera tija.

Chinthu chimodzi mungayese nokha. Dulani lebulo yosindikizidwa kale tizidutswa ta sentimita imodzi, muchotse guluu, muponye m'tambula ya madzi othiramo dontho la sopo, mutakase. Sopoyo ndi wochotsa timpweya timene tingayandamitse chinthu cholemera. Tizidutswato tikamira, lebuloyo siyoyenera botolo la PET. Nthawi zina PP weniweni amamira chifukwa cha inki yochuluka kapena chitsulo chonyezimira chimene anakutirapo.

Kukula kwa lebulo nakonso n'kofunika. Makina osankha mabotolo amaunika ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, ndipo amawerenga chimene chili pamwamba. Lebulo ikakuta botolo lonse, makina amaona lebuloyo n'kuponya botolo ku mulu wolakwika. Pa botolo la theka la lita kapena locheperapo lebulo isapitirire theka la thupi la botolo, pa lalikulu isapitirire magawo 70 pa 100.

Mukadzasintha n'kuyamba mabotolo a HDPE, oyera ngati mkaka aja, lamulo limasinthako. Botolo ndi lebulo zonse zimayandama, ndiye zimasungunulidwa pamodzi. Apo lebulo ya PE ndiyo yabwino koposa, poti ndi banja limodzi ndi botolo. Ya PP imalolekanso. Ya pepala ayi.

FUNSO: Zakumwa zanga ndimathira m'mabotolo a galasi amene makasitomala amabweza. Vuto ndi kuchotsa malebulo akale: timapala ndi mpeni tsiku lonse, guluu n'kumatsalabe. Nditani? (Bambo wa zakumwa)

YANKHO: Mukupala chifukwa munagula malebulo odzimatira okha, okhala ndi guluu wopangidwira kuti asadzachoke. Pa botolo lobwezedwa njira yakale ndiyo yabwinobe mpaka lero: pepala lopanda guluu kumsana, limene mumapaka guluu wamadzi pa nthawi yomata. Guluuyu amakhala wa sitachi kapena wa casein, puloteni wa mumkaka. Onse awiri amasungunuka m'madzi otentha okhala ndi soda, ndipo lebulo imasendeka yokha. Njirayi ilibenso pepala lakumsana lotaya.

Kusiyana kwawo n'kwakuti guluu wa sitachi amafooka botolo likakhalitsa m'madzi oundana, pomwe wa casein amapirira. Ngati zakumwa zanu amaziziritsa m'madzi a ayisi, tengani wa casein kapena guluu wopangidwa kuti achite zofanana naye.

Pepala lake likhale lopirira chinyezi, la magalamu 65 mpaka 80 pa sikweya mita. Likhale lolola madzi a soda kulowa kukafika pa guluu, koma losaphwasuka, kuti lichoke lathunthu muthe kulitola. Pepala wamba limasanduka matope m'beseni, n'kutseka mapaipi, tiulusi tina n'kulowa m'mabotolo. Musalikute ndi pulasitiki pamwamba, chifukwa madzi sadzapeza polowera. Mafakitale aakulu amatsuka pa madigiri pafupifupi 80 ndi kositiki soda wa 1.5 mpaka 2 peresenti. Inu otsuka pamanja, madzi ofunda ndi soda wochapira akwanira pa guluu wa sitachi. Mukagwiritsa ntchito kositiki valani magolovesi ndi magalasi otchinga maso, ndipo muzithira kositikiyo m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi pa kositiki.

Botolo likasweka n'kupita kokasungunulidwa, lebulo ya pepala siivuta, imangopsa m'ng'anjo ya madigiri pafupifupi 1,500.

FUNSO: Wogulitsa wina akuti malebulo ake ndi "biodegradable", wina akuti ake ndi "compostable". Kodi si chinthu chimodzi? Nanga ndikagula, ndiye kuti ndathana nalo vuto la zinyalala? (Wowerenga wogulitsa mbande za maluwa)

YANKHO: Si chinthu chimodzi, ndipo mawu oyambawo paokha alibe kanthu. Amangotanthauza kuti tizilombo tosaoneka ndi maso tingathe kudya chinthucho. Satchula kuti liti, kuti, kapena pa kutentha kotani. Chipika cha mtengo nachonso chimaola, koma chimatenga zaka.

Mawu achiwiriwo ali ndi muyeso, malinga ngati pali satifiketi. Ku Ulaya muyeso wake ndi EN 13432, ku United States ndi ASTM D6400. Kuti chinthu chikhoze EN 13432, magawo 90 pa 100 ake ayenera kudyedwa ndi tizilombo pasanathe miyezi 6. Pakatha milungu 12 m'mulu wa kompositi, zotsala pa sefa ya mabowo a mamilimita 2 zisapitirire magawo 10 pa 100. Amayesanso zitsulo zapoizoni, ndi kuona ngati mbewu zimamera bwino m'manyowawo.

Koma pali msampha. Mayeso amenewa amachitika pa madigiri pafupifupi 58, kutentha kwa mulu waukulu wa ku fakitale ya kompositi umene amautembenuza ndi makina. Dzenje la kuseri kwa nyumba silikhala pa kutentha kumeneko kwa milungu yambiri. PLA, pulasitiki wopangidwa kuchokera ku sitachi kapena shuga wa zomera, mukamukwirira m'dzenje lozizira mudzamufukula ali gwa chaka chamawa. Ngati makasitomala anu adzataya lebulo m'munda kapena m'dzenje lawo, funani chizindikiro cha kompositi ya pakhomo, monga OK compost HOME cha bungwe la TÜV Austria. Chimenecho amayesa pa madigiri 20 mpaka 30, ndipo amapereka miyezi 12.

Funsaninso kuti satifiketiyo ndi ya chiyani. Nthawi zambiri imakhala ya chapamwamba chokha, guluu ndi inki ayi. Ndiye pepala limaola, n'kutsala kachikopa ka guluu m'nthaka. Satifiketi ikhale ya lebulo yonse.

Lebulo yoola imathandiza pamene chomatidwacho nachonso chikukathera ku kompositi: kathumba koola, kachubu ka mbande kobzalira limodzi, kapena chipatso chimene khungu lake litayidwa ndi kalebulo komwe. N'chifukwa chake lamulo latsopano la European Union la zolongedzera katundu, nambala 2025/40, likufuna kuti pofika February 2028 timalebulo tomata pa zipatso ndi masamba tikhale totha kuola m'mafakitale a kompositi. Pa botolo la PET lebulo yomweyo ndi chidetso, monga tayankhira mayi wa sopo. Ikapita kudzala lalikulu lokwiriridwa mopanda mpweya, mwina siiola n'komwe, kapena imaola n'kutulutsa mpweya wa methane, umene umatenthetsa dziko.

Mawu ena oti muwathawe ndi "oxo-degradable". Ameneyo ndi pulasitiki wamba wothiramo mankhwala omufumbutula padzuwa. Satha, amangosanduka fumbi la pulasitiki losatoleka. European Union inamuletsa kuyambira July 2021.

FUNSO: Ndinasintha n'kuyamba malebulo a pepala lokonzedwanso. Amaoneka bwino, koma akumatuka m'makona, ena akuchita makwinya, ena akuthimbirira ndi mafuta. Ndibwerere ku akale? (Mayi wopanga mafuta odzola)

YANKHO: Musafulumire kubwerera mayi, chifukwa mavuto atatuwo mwina si onse a pepala. Komanso musalekerere. Katundu amene wabwezedwa kapena kutayidwa chifukwa lebulo yagwa waononga zinthu zambiri kuposa zimene lebuloyo inapulumutsa.

Kumatuka m'makona kumachokera pa zinthu zingapo. Choyamba ndi pomatapo. Mabotolo a HDPE ndi PP ndi oterera kwa guluu, sagwirika msanga ngati galasi kapena PET, ndipo amafuna guluu wopangidwira mapulasitiki oterowo. Pakakhala kamafuta ngakhale ka chala, guluu amagwira mafutawo m'malo mwa botolo. Pukutani ndi sipiriti, muyembekeze kuume. Chachiwiri ndi kuzizira. Guluu wamba amafuna kuti pomata pakhale madigiri 5 kapena kuposa, ndipo botolo lozizira likatulutsidwa panja limachita thukuta, ndiye mumamata pamadzi osadziwa. Matani botolo lili louma, lisanalowe m'firiji. Za mufiriza zili ndi guluu wake wogwira ngakhale pa madigiri 20 kunsi kwa ziro. Chachitatu ndi kupindika. Pepala lokhuthala limafuna kuongoka, ndiye pa kabotolo kang'ono, ka masentimita awiri ndi theka m'mimba mwake kapena kocheperapo, limadzikoka lokha m'mphepete. Pamenepo pafunika pepala lopyapyala ndi guluu wamphamvu. Uzaninso osindikiza kuti makona awadule mozungulira, chifukwa kona yosongoka ndiyo imayamba kukodwa.

Ndipo guluu amafuna nthawi. Sagwira mokwanira mpaka patatha maola 24, ena kuposa apo. Mukamata m'mawa n'kulongedza masana m'katoni yothina, mwadziputira nokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Makwinya ndi chinyezi. Pepala likamwa madzi limafufuma, ndipo tiulusi ta pepala lokonzedwanso ndi tatifupi, poti ulendo uliwonse umene lagayidwa timaduka. Thimbiriro ndi mafuta olowa m'pepala losakutidwa. Mankhwala a zonse ziwiri ndi pepala lopirira chinyezi, lopakidwa vanishi wamadzi pamwamba. Osindikiza ena adzakuuzani kuti alikute ndi pulasitiki wopyapyala. Zimagwiradi ntchito, koma mwapanga chinthu chosakhala pepala, chosakhalanso pulasitiki, chimene palibe fakitale yochifuna. Ngati mafuta ndi ambiri moti vanishi akulephera, ndipo botolo ndi la pulasitiki, lebulo ya PE kapena PP ndiyo yoyenera basi. Palibe chamanyazi pamenepo.

Musanaitanitse masauzande, pemphani malebulo 20 oyesera. Matani pa mabotolo anu enieni odzaza, mudikire maola 24. Asanu muviike m'madzi ozizira kwa maola awiri. Asanu muike m'firiji usiku wonse, m'mawa muwatulutse achite thukuta. Asanu mupake mafuta anu omwewo, mutikite ndi chala maulendo 20. Asanu otsalawo muwasiye pawindo lowomba dzuwa kwa milungu iwiri. Chimene chilephere mudzachiona ndi maso, ndipo mudzadziwa chokauza osindikiza.

Malebulo osagwiritsidwa ntchito asungeni m'thumba lotseka, pamthunzi, pamalo a madigiri pafupifupi 20. Opanga ambiri amalemba kuti guluu amakhala bwino chaka chimodzi kapena ziwiri, ndiye kugula ochuluka n'kuwasunga zaka ndi njira inanso yopangira zinyalala.

FUNSO: Tikamaliza kumata timatsala ndi mulu wa mapepala oterera aja a kumsana. Otola mapepala amawakana. Ndiwatani? (Woyang'anira polongedza katundu)

YANKHO: Mwagwira pamene ambiri saona. Pepala limenelo, limene osindikiza amati liner, ndi lopakidwa mankhwala oterera otchedwa silikoni kuti guluu asagwire. Silikoniyo ndiyo imachititsa kuti mafakitale ambiri a mapepala alikane, poti siisungunuka m'madzi ndipo imasiya timadontho tosagwira inki pa pepala latsopano. Ndipo si laling'ono. Pa lebulo wamba ya pepala, chapamwamba chimalemera magalamu 80 pa sikweya mita, guluu pafupifupi 20, lakumsana pafupifupi 60. Ndiye kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene munagula ndi zotaya lebulo isanafike n'komwe kwa kasitomala.

Pepalali ndi la tiulusi tabwino kwambiri, ndipo mafakitale ena ali ndi njira yochotsera silikoni. Amafuna kuti likhale lokhalokha, louma, lopanda malebulo otsalira, lopanda mapaipi a katoni a m'kati mwa mpukutu. Funsani amene amakugulitsani malebulo ngati amalandira lobwezedwa. Musasakanize la pepala ndi la pulasitiki wa PET, chilichonse chili ndi njira yake. Musaliotche.

Kuchepetsa kumaposa kutolera. Pali liner ya PET yopyapyala, ya mamaikironi 23 kapena 30 (maikironi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), imene imalola malebulo ambiri pa mpukutu umodzi. Pali malebulo opanda pepala lakumsana, okulungidwa ngati tepi, silikoni ili pamwamba pa lebulo yeniyeniyo. Kuipa kwake amafuna makina ake odula, ndipo amatuluka a makona anayi okha.

Onaninso maonekedwe a lebulo yanu. Lebulo yozungulira imadulidwa kuchokera m'bokosi la makona anayi, ndipo m'makona anayiwo mumatsala magawo oposa 21 pa 100 a pepala, guluu ali pomwepo. Zotsalazo zimathera ku dzala la osindikiza, inu simuziona, koma ndi zanu.

FUNSO: Ndaona mapepala a zotsalira za nzimbe, a udzu, ngakhale a mwala. Ena ali ndi chizindikiro cha FSC. Labwino ndi liti? (Wowerenga wopanga makandulo)

YANKHO: Pa makandulo ndi katundu wina wouma wolongedzedwa m'katoni, pepala ndilo loyenera, ndipo loyamba kuliganizira ndi lokonzedwanso kuchokera ku mapepala amene anthu anagwiritsa kale ntchito. Funsani mawu amenewo ndendende, chifukwa ena amawerengera zodulidwa za m'fakitale yawo yomwe, zimene sizikanatayidwa n'kale.

FSC ndi bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1993 kuti lizitsimikizira kuti mitengo inadulidwa m'nkhalango zosamalidwa bwino. Zizindikiro zake ndi zitatu: FSC 100%, FSC Recycled, ndi FSC Mix chimene ndi chosakaniza. Linzake ndi PEFC, la 1999. Chizindikirocho chimanena za kumene tiulusi tinachokera, sichinena kanthu za guluu kapena za kuola. Pansi pake pamakhala nambala yoyamba ndi FSC-C imene mungathe kuifufuza pa intaneti. Inunso simungangochisindikiza pa lebulo yanu: osindikiza anu ayenera kukhala ndi satifiketi yawoyawo.

Pepala la zotsalira za nzimbe ndi labwino, poti limagwiritsa ntchito zimene zatsala akafinya madzi. La udzu limakhala losakaniza ndi tiulusi ta mitengo, ndipo limaoneka la mawangamawanga, ndiye zilembo zing'onozing'ono siziwerengeka bwino. La mwala ndilo chikomekome cha mkuyu. Silidya mitengo, siling'ambika m'madzi, koma magawo pafupifupi 80 pa 100 ndi ufa wa mwala wa laimu, 20 otsalawo ndi pulasitiki wa HDPE womangira ufawo. Si pepala. Ku fakitale ya mapepala silisungunuka, m'thanki ya PET limamira.

Mudzamvanso za PE wopangidwa kuchokera ku nzimbe. Ameneyo ndi PE weniweni, amakonzedwanso limodzi ndi PE wina aliyense, koma saola.

Chenjezo kwa olongedza chakudya: pepala lokonzedwanso limakhala ndi mafuta otsalira a inki ya manyuzipepala, ndipo mafutawo amatha kudutsa pa thumba la pepala kapena la PE wopyapyala n'kulowa m'chakudya chouma. Pa galasi ndi pa chitini sadutsa.

FUNSO: Timatumiza katundu m'makatoni, ndipo timasindikiza malebulo a adiresi pa kamakina kosafuna inki. Kodi mapepala amenewa ali ndi vuto? (Wotumiza katundu)

YANKHO: Pepalalo ndi lopakidwa mankhwala amene amada akatenthedwa. Kwa zaka zambiri mankhwala ake anali BPA, amene amasokoneza mahomoni m'thupi ndipo amalowa pakhungu la munthu wogwira mapepalawa tsiku lonse. European Union inalamula kuti kuyambira January 2020 BPA asafike pa 0.02 peresenti ya kulemera kwa pepala lotere. Opanga ambiri anangosinthira ku BPS, m'bale wake wokayikitsanso chimodzimodzi. Choncho mawu akuti "BPA-free" asakukhutiritseni, funani olembedwa "phenol-free".

Pepalali limafufuta likakhala padzuwa, ndipo limada likatenthedwa m'galimoto yotseka. Pa katoni ya ulendo wa masiku ochepa palibe vuto. Pa katundu wosungidwa chaka pafunika makina a riboni, koma dziwani kuti riboniyo ndi pulasitiki wogwira ntchito kamodzi, ndipo amatsala ndi chithunzi cha maina ndi maadiresi onse amene munasindikiza. Muzimuduladula musanataye.

Katoni imafuna lebulo ya pepala. Chovuta ndi guluu: ku fakitale amaduka tizidutswa tonanda timene timadutsa pa sefa, n'kukamatirira pa makina oumitsa, n'kuboola pepala latsopano. Funsani guluu amene anayesedwa kuti amasefeka pokonzanso mapepala. Tepi ya pepala yonyowetsa ndi madzi, ya guluu wa sitachi, imasungunuka yonse bwinobwino.

FUNSO: Ndikufuna lebulo ya pepala la khaki, zilembo zagolide, ndi mawu akuti "yosamala chilengedwe". Pali choletsa? (Mtsikana woyamba kumene bizinesi)

YANKHO: Tiyambe ndi mawuwo. Muyeso wa ISO 14021, wonena za zimene wopanga katundu amadzinenera yekha, umakana mawu osatchula kanthu ngati amenewo. Ku European Union lamulo la nambala 2024/825 likuletsa mawu otere opanda umboni wovomerezeka kuyambira pa 27 September 2026, ndiye wofuna kugulitsa kumeneko asamale. Lembani chimene mungatsimikize, ndipo mutchule kuti mukunena za chiyani: "Lebulo iyi ndi ya pepala lokonzedwanso 100 peresenti." Chizindikiro cha mivi itatu yothamangitsana chikakhala chokha chimatanthauza kuti chinthucho chingakonzedwenso. Chikakhala ndi nambala ya peresenti chimanena kuchuluka kwa zokonzedwanso zimene zilimo. Musachiike pa lebulo mosatchula ngati chikunena lebulo kapena botolo.

Golide wa zilembo zochepa sasokoneza kwambiri pa pepala. Chopewa ndi lebulo yonse yonyezimira ngati chitsulo, ndi lebulo yaikulu yakuda bii pa botolo la pulasitiki, chifukwa utoto wakuda wa kaboni umameza kuwala kwa makina osankha aja, botolo n'kudutsa osazindikirika. Inki yamadzi ndi ya mafuta a zomera ndi yabwino pa pepala, ndipo kusiya malo ambiri osapaka utoto kumathandiza kuposa kusintha mtundu wa inki.

Khaki ali ndi vuto lake pa barcode, timizere tija timene makina amawerenga pogulitsa. Makina ambiri a pakauntala amawerenga ndi kuwala kofiira, ndiye mizere yofiira, yachikasu, yaolenji kapena yagolide saiona. Mizere ikhale yakuda, kapena ya buluu wakuda. Pepala la khaki limachepetsa kusiyana kwa mizere ndi malo a pakati pake, choncho sindikizani kabokosi koyera kaye, barcode ikhale pamwamba pake. Barcode ya manambala 13 pa kukula kwake kwenikweni ndi mamilimita 37.29 m'lifupi, ndipo musaichepetse kupyola 80 peresenti. Kumanzere kwa mizere musiye mamilimita 3.63 opanda kanthu, kumanja 2.31. Pa botolo lopindika kwambiri itembenuzeni kuti mizere igone ngati makwerero, ndipo muyese pa makina awiri osiyana musanauze osindikiza kuti apitirize.